KUKONZA THIRAKITALA YAKALE YODONTHA MAFUTA

Alimi inu a m'mbali mwa Lusaka amene muli ndi thirakitala yakale imene inakonzedwanso, phunziro ili ndi lanu. Mvula yodzalira imagwa kawiri-kawiri m'mwezi wa November. Cifukwa cace October ndiyo nthawi yoyang'ana njira ya mafuta, kuti pulawo yanu ingadzaime pamene anzanu alikulima.

Dziwani thirakitala yanu

Titenge citsanzo ca Ferguson yotuwa ija, yochedwa TE20. Inapangidwa ku Coventry m'dziko la England kuyambira 1946 kufikira 1956, ndipo zonse zinaposa 500,000. Ya TEA-20 imayendera petulo. Ya TED-20 imadzuka ndi petulo, ndipo injini ikatentha imayendera parafini. Ya TEF-20, imene inayamba mu 1951, imayendera dizilo.

Pa ya petulo ndi ya parafini thanki iri pamwamba pa injini, ndipo mafuta amatsika okha. Amatulukira pa kampopi ka pansi pa thanki, nalowa m'kakapu kagalasi kosungira madzi ndi zinyalala, napita ndi paipi kufikira ku kabuleta. Tsono pakakhala podontha, mafuta amadontha usana ndi usiku, ngakhale injini iri yozima.

Musapeputse dontho. Dontho limodzi pa sekondi iriyonse limataya malita 4 pa tsiku, ndiko kunena pafupi galoni yathunthu. Coopsa koposa ndi moto, pakuti mafutawo amagwera pa injini yotentha, ndipo batire iri kumbuyo kwa thanki komweko.

Musanayambe nchito

Imikani thirakitala pabwalo, kutali ndi udzu wouma ndi nkhokwe, ndipo dikirani injini izizire. Cotsani nthambo ya batire imene imangika ku citsulo ca thirakitala. Ikani cidebe ca mcenga pafupi, cifukwa madzi sazima moto wa petulo koma amaufalitsa. Pasakhale wosuta fodya. Ngati thirakitala imagona m'tauni, monga ku Kabwata kapena ku Chelstone kumene nyumba ziri zoyandikana, uzani a pakhomo asunthe mbaula. Mpweya wa petulo ndi wolemera: umakwawa pansi, ndipo ungapeze makala amoto amene inu mukuyesa ali patali.

Kupeza podontha

Pukutani kampopi, kakapu ndi paipi ndi nsanza youma. Tsegulani kampopi, nimuyang'ane kuyambira pamwamba. Mafuta amatsetsereka, motero pamene dontho ligwera si pamene licokera ai. Funani malo onyowa a pamwamba kopambana. Fumbi lakuda lomatirira pa nati lidzakusonyezani pamene panayamba kudontha kale.

Kakonzedwe

1. Kakapu kagalasi. Tsekani kampopi, masulani kanati ka pansi, cotsani kakapu ndi kasefa kace, nimuzitsuke. Pakamwa pace pali mphete ya cork, imene imauma ndi kufota thirakitala ikakhalitsa. Ikani yatsopano mutainyika m'oilo. Mangani ndi zala zokha. Pulayala imaswa galasi.

2. Kampopi. Ngati mafuta atulukira pa cogwirira, mangani pang'ono nati yace ndi sipanala yoyenera. Akapitirira kutuluka, khuthulani thanki yonse m'cigubu cotseka, nimusinthe cotsekera ca m'kati mwa natiyo.

3. Paipi. Paipi yamkuwa imauma ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo imang'aluka pafupi ndi nati. Yong'aluka sinthani yonse. Pomanga yambani ndi zala kuti mano a nati alowe molunjika, sipanala ibwere pambuyo. Mawashala akale musabwezerepo.

4. Kabuleta. Mafuta akasefukira pa kabuleta injini iri yozima, kasingano ka m'kati sikalikutseka, kaya ndi zinyalala kaya ndi kutha. Katsukeni, kakatha, gulani kena.

Mukatsiriza tsegulani kampopi, dikirani mphindi 10, nimuyang'anenso musanabwezere nthambo ya batire.

Inu a thirakitala ya dizilo

Pamene dizilo atulukira, mpweya umalowera pomwepo, ndipo injini imakana kudzuka. Mukakonza, tulutsani mpweyawo pa tinati ta pa sefa ndi pa pampu. Paipi zopita ku mainjekita musazifufuze ndi cala injini irikuyenda, pakuti dizilo wa m'menemo ali ndi mphamvu yoboola khungu. Sonyezanipo kacidutswa ka katoni. Wina akalasidwa, apite ku cipatala msanga, ngakhale bala lioneke laling'ono.

Zimene simuyenera kucita

Musamange paipi ndi mphira wa cubu ca njinga, cifukwa petulo amaufewetsa. Sopo wopaka pa ng'anjo angakufikitseni kunyumba, koma si kukonza kumeneko. Koposa zonse, musayandikize moto wowocherera ku thanki, ngakhale mwaikhuthula. Mpweya wotsalamo umaphulika ndi kupha munthu. Thanki yoboola pitani nayo kwa mmisiri wodziwa nchitoyo.

Pogula zitsulo

Popita ku masitolo a zitsulo mu Lusaka, nyamulani citsulo cakale ndi nambala ya thirakitala yanu, kuti akuyezereni. Mano a manati a mathirakitala akale a ku England anayezedwa m'mainchesi, si m'mamilimita ai, ndipo nati yokakamiza imaononga kampopi konse. Inu a kutali, monga ku Chongwe, gulani mphete ziwiri pa ulendo umodzi, ina ikhale yosungira.

Madzulo alionse, mukaweruka kumunda, tsekani kampopi. M'mawa mulimonse, musanadzutse injini, yang'anani pansi pa thirakitala ngati dothi liri louma. Phunzitsaninso mwana kapena wanchito amene amakuyendetserani kuti azicita comweco.