Njira Zofufuzira Sewero

Sewero salilemba kuti lingowerengedwa ayi, koma kuti lichitidwe pamaso pa anthu. Choncho pofufuza musadalire buku lokha. Gulu la Nanzikambe Arts, lomwe lidayamba mu 2003, lidaonetsa masewero ambiri ku Naperi mumzinda wa Blantyre. Mukapita kumalo otere, tsatani njira izi:

1. Kuonerera: lembani za zovala, mayendedwe ndi kayankhulidwe ka atengambali. Kodi oonerera aseka pati? Nanga akhala chete pati?
2. Kufunsa: funsani wotsogolera sewero chifukwa chomwe wasinthira mawu ena.
3. Kuyerekeza: fananitsani zomwe mwaona ndi zolembedwa m'buku.

Kumbukirani kuti pamayeso a MSCE mfundo yopanda umboni siipatsa malikisi ambiri.

Ntchito: Onererani sewero limodzi ndipo fotokozani khalidwe la mtengambali wamkulu.