Mafunso ndi mayankho: kukaphunzira kuti digiri ya za ndalama?

Kalata yoyamba yachokera ku Chiringa, kwa Mfumu Yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe. Bambo amene alemba akuti mwana wawo wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna kudzagwira ntchito kubanki. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi asankhe yunivesite iti?"

Zikomo bambo. Dzina la sukulu libwere pambuyo. Choyamba fufuzani ngati maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede m'dziko muno. Ndikuti maphunzirowo, osati sukulu yokha, chifukwa zimatheka sukulu kukhala m'kaundula koma digiri ina imene ikuphunzitsa isanavomerezedwe. Olemba ntchito amayang'ana zimenezi, nalonso bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la HESLGB limathandiza a m'sukulu zovomerezeka. Banja lodalira nandolo ndi mpendadzuwa, m'dera lomwe Namondwe Freddy anasakaza mu 2023, lisamatsanulire thukuta la zaka zinayi pa pepala limene banki idzalikana.

Mwina munena kuti bola MUBAS, poti ndiyo yotchuka. Sinditsutsa. Sukuluyi, imene inali Polytechnic kufikira 2021 pamene inayamba kuima payokha, yaphunzitsa akatswiri ambiri owerengera ndalama, ndipo ili mu Blantyre momwe muli msika wa masheya ndi malikulu a mabanki angapo, kotero malo ophunzirira ntchito ali pafupi. Koma malo ndi ochepa, opikisana ndi ambiri. Makirediti sikisi kuphatikizapo Chingerezi amangokuyenerezani kupempha malo, sakulowetsani, ndipo pa za ndalama masamu ndiwo amaweruza. Dziwaninso kuti Economics wa ku UNIMA ku Zomba ndi phunziro la kayendedwe ka chuma cha dziko. Si la kusunga mabuku a kampani. Ana ambiri amasokoneza ziwirizi polemba fomu ya NCHE, aphunzitsi osawaunikira.

Kalata ina ndi ya mnyamata wa komweko kwa Nazombe, yemwe akuti: "Sindinasankhidwe ku yunivesite ya boma. Ndiye kuti zanga zada?"

Ayi achimwene, sizinade. Catholic University ili ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kosatalikira kwenikweni ndi kwanu, ndipo Malawi College of Accountancy yakhala ikuphunzitsa ntchito imeneyi kwa zaka zambiri. Amene amati sukulu zoterezi ndi za olephera amaiwala kuti digiri payokha sipanga munthu kukhala akauntanti wovomerezeka. Pamafunikabe mayeso a ICAM kapena ACCA, ndipo pamayesowo amakhoza ndi amene wawerenga, kaya anachokera sukulu iti. Chokhacho chimene otsutsawo akunena zoona ndi fizi: ku sukulu zomwe si za boma ndi yokwera, ndipo ngongole si onse amaipeza. N'chifukwa chake khalani pansi ndi makolo komanso amalume, muwerengere fizi, lendi, chakudya ndi thiransipoti za zaka zonse zinayi, osati za temu yoyamba yokha. Zikapanda kukwana, yambani ndi dipuloma ya ICAM, mupeze ntchito, digiri mudzaionjezere.

Nonse awiri, musalipire ndi tambala yomwe musanaone dzina la maphunzirowo pa mndandanda wa NCHE. Pitirizani kutilembera.