Filiza Ikaleka Kuziziritsa: Poyambira ndi Pothera

Ambiri a inu amene munaphunzira zoweta nkhuku za nyama munabwerera kwanu ndi colinga ca kuleka kugulitsa nkhuku pa mtengo wonenedwa ndi wogula. Broila ikakwana milungu isanu ndi umodzi, tsiku lililonse limene ikhalabe m'khola imadya phindu lanu. Filiza ndiyo imakupatsani mpata wa kupha, kusosola ndi kusunga kufikira wogula wabwino atapezeka. Koma mpata wonsewo wakhazikika pa makina amodzi, ndipo tsiku lina mungadzatsegule civundikiro ndi kupeza nyama yafewa, madzi ofiira atadikha pansi.

Yambani ndi nyama, makina adikire. Filiza yodzaza, ngati siitsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi masiku awiri. Yodzaza theka imatha tsiku limodzi, ndipo m'kutentha kwa Okutobala musayembekezere kuti ifikadi pamenepo. Nyama imene ikali yolimba, kapena imene ikali ndi timibulu ta aisi m'kati, isamutsireni msanga ku filiza ya mnansi. Imene yasungunuka koma ikali yozizira bwino iphikidwe tsiku lomwelo, kapena ithiridwe mcere ndi kuwambidwa. Imene yafunda ikwiriridwe. Mau awa ndi owawa kwa munthu amene anagula cakudya ca nkhuku pa ngongole, koma mphuno si mboni yokwanira: tizilombo tonga Salmonella timaswana m'nyama ya nkhuku fungo lisanayambe, ndipo wogula amene banja lake latsegula m'mimba sabweranso, ndiponso sakhala cete.

Kuti mudziwe zimene zinacitika inu kulibe, umitsani madzi m'kapu, muike kandalama kacitsulo ka K1 pamwamba pa aisiyo, ndi kusiya kapuyo m'filiza. Mukadzapeza kandalamako kali pansi pa kapu, ndiye kuti zonse zinasungunuka ndi kuumanso.

Tsopano makina. Lamulo lake ndi kuyamba ndi zosadya ndalama. Lumikizani cipangizo cina pa soketi yomweyo kuti muone ngati magetsi afikapo. Onani fyuzi ya m'pulagi, onani cingwe ngati makoswe sanacidye kuseri, onaninso kampukutu kosinthira kuzizira, pakuti ana amakonda kukazunguza. Mafiliza ambiri amene eni ake amati afa amakhala atangosowa moto.

Magetsi angakhalepo koma ofooka. Filiza inapangidwira mphamvu ya 230 V kapena pafupi ndi pamenepo. Ikacepa kwambiri, kompuresa, imene ndiyo mtima wa makina, imalephera kudzuka ndipo imatentha. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri tsiku ndi tsiku. Kupita kwa magetsi kumaononga nyama, koma kubwera kwake kosakhazikika ndiko kumaononga makina. Kompuresa ikangoima imafuna mphindi zingapo, monga zisanu, isanayambenso. Ici ndico cifukwa cake kacipangizo kochedwa fridge guard, kamene kamacedwetsa magetsi kufikira atakhazikika, sikayenera kusowa pa soketi ya filiza.

Kenaka cherani khutu kumunsi kumene kuli kompuresa. Mukamva ikulira pang'ono, kenaka kaphokoso kakuti "thi", ndi kukhala cete, ndi kubwerezanso patapita mphindi zocepa, ikuyesa kudzuka koma ilephera. Kawirikawiri colakwa cimakhala pa rilei, kabokosi kakang'ono kokhala pambali pa kompuresa, ndipo mtengo wake ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompuresa. Zulani pulagi, musailekerere ikuvutika usiku wonse, ndipo mmisiri akabwera mumpemphe ayambe wayesa rilei asananene za kompuresa.

Ngati ikulira mosalekeza koma kuzizira ndi kocepa, onani mphira wa pa civundikiro. Panani pepala ndi civundikiro, mulikoke; likatuluka mosavuta, mphepo yotentha ikulowa pamenepo. Onani ngati aisi sanakandapale m'makoma, ndi ngati filiza siinakanikizidwe ku khoma kapena kuikidwa pa dzuwa. Mafiliza ambiri a bokosi amatulutsira kutentha m'mbali mwake, motero mbali zofunda si matenda, koma zifunika mpata wa mphepo. Ndipo dzifunseni moona mtima ngati simunaunjikemo nkhuku zambiri zongophedwa kumene nthawi imodzi. Filiza ya m'nyumba imasunga bwino zouma kale, koma siingaumitse mulu waukulu wa nyama yofunda usiku umodzi. Za pakati pa mulu zimaonongeka za kunja zili gwa. Iphani m'magulu, muziziritse nyama m'madzi oyera ozizira, ndipo muiyale m'malo moiunjika.

Tifike pa mau amene amadya ndalama za alimi kuposa ena onse: "gasi yatha." Gasi ya m'filiza siitha monga mafuta a m'galimoto. Imazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo ingakhalemo zaka zonse za makinawo. Ikacepa, ndiye kuti pali pobooka. Mmisiri amene angothiramo ina osafunafuna pobookapo wakugulitsani milungu yocepa cabe, ndipo mudzamuitananso. Mfunseni akuonetseni pamene ikutulukira; nthawi zina pamaoneka dontho la mafuta pa mfundo ya paipi. Kubooka kwina timakucita tokha pogoba aisi ndi mpeni. Aisi amasungunulidwa pozula pulagi ndi kuikamo beseni la madzi ofunda. Dziwaninso kuti mafiliza ambiri atsopano ali ndi gasi ya R600a, imene imayaka moto, pamene akale ambiri ali ndi R134a. Dzina lake lalembedwa pa kacikwangwani ka kumbuyo. Nchito ya gasi si yoyesera pa khomo.

Nanga ndi liti pamene kukonza kumasanduka kutaya ndalama? Ngati pobooka pali m'kati mwa makoma, kumene mmisiri sangafike popanda kung'amba bokosi, ilekeni. Ngati kompuresa yapsa pa filiza yakale, ya dzimbiri ndi mphira wotha, ndipo mtengo wokonzera ukuyandikira theka la mtengo wa yatsopano, ine ndingagule ina. Powerengera muphatikizepo mtengo wa nyama imene idzakhalamo, pakuti ndiyo idzatayika makina okonzedwa mwa cigamba akadzafanso.

Pogula, ya bokosi iposa yoimirira kwa mlimi, cifukwa mphepo yozizira imatsikira pansi ndipo siitayika kwambiri potsegula. Sankhani ya msinkhu umene mungaudzaze. Malo otsala muikemo mabotolo a madzi ouma. Pa kacikwangwani kaja pali cilembo cimene ambiri saciwerenga: N ndi ya malo otentha kufika 32°C, ST kufika 38°C, ndipo T kufika 43°C. Wa ku cigwa ca Luangwa afune T. Amene adalira jenereta kapena sola akumbukire kuti kompuresa podzuka imakoka mphamvu yoposa kangapo imene imadya ikamayenda, motero invata yaing'ono siingaidzutse. Alipo mafiliza opangidwira mabatire a 12 V kapena 24 V. Yogwirapo kale nchito musaigule musanaione itaumitsa botolo la madzi. Sungani lisiti ndi pepala la waranti.

Ikafika pa khomo itagwedezeka pa msewu, iimikeni pamalo osalala maola angapo kuti mafuta a kompuresa abwerere m'malo mwake. Kenaka iyatseni yopanda kanthu kufikira itazizira; muyezo woyenera ndi madigiri 18 pansi pa ziro. Ipatseni soketi yakeyake.

Yakale ija ingakhale mosungira cakudya ca nkhuku, kumene makoswe safika, malinga yauma bwino m'kati. Koma isakhale pabwalo yotsekeka kumene ana amasewera. Mwana wobisalamo amatha mpweya ndipo kunja samveka. Ngati simuigwiritsa nchito, cotsani civundikiro cake lero lomwe.