Katundu wa Mmisiri wa Zitsulo

Kodi munayendapo pa msewu waukulu wa M1 wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe? Msewu umenewu umadutsa m'boma la Ntcheu, ndipo cha ku Lizulu umayenda m'malire enieni a dziko lathu ndi Mozambique. M'misika ya m'mbali mwake mumadzaza kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere. Koma mukatchera khutu mudzamvanso kulira kwa nyundo. Amenewo ndi amisiri osula zitsulo ndi okhoma malata.

Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Makolo athu ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi nasula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mivi. M'chaka cha 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja a kumapiri a Shire akuchita ntchito yomweyi. Lero ng'anjo zija zinazima. Mmisiri amagula migolo yakale, zidutswa za malata ndi masipuling'i a galimoto zakufa, nazisandutsa zipangizo zatsopano.

Kusula kumatopetsa mkono, koma pali ntchito ina imene imatopetsa mutu. Ntchitoyo ndiyo kusankha katundu woyenera kupita naye kumene kwasonkhana anthu.

Mmisiri wina wa kufupi ndi Lizulu anali kukonzekera ulendo wa ku Umhlangano. Uwu ndi mwambo umene Angoni a kwa Maseko amachita chaka ndi chaka ku Nkolimbo pokumbukira makolo awo, makamaka Inkosi Gomani Woyamba, amene anaphedwa ndi Angerezi m'chaka cha 1896. Mmisiriyu anali ndi njinga imodzi yokha. Chitsulo chimene anasulira katundu wake anachitenga pa ngongole, ndipo ndalama za feteleza wa chaka chimenecho ankayembekeza kukazipeza pa ulendo womwewo.

Mwana wa mlongo wake, amene ankaphunzira naye ntchito, anatulutsira pabwalo zonse zimene zinali m'chipala: mbaula, makheni othirira mbewu, ziwaya, makoloboyi, nthungo, zibangili ndi mangenjeza. Pamwamba pa zonse anaikapo tambala wamkulu wachitsulo amene malume ake anamusula kwa milungu itatu.

“Malume, zonse zatuluka. Ndimangirire?” anafunsa mnyamatayo.

Mkulu uja anaseka. “Mphwanga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tandiuza, anthu amene tikawapeze kumeneko akupitirako chiyani?”

“Kukavina ngoma ndi kukaona mafumu, malume.”

“Nanga munthu amene wavala nthenga ndi zikopa, wanyamula chishango, angagule mbaula n'kumavina nayo?”

Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Pamenepo mkuluyo anabweza mbaula m'chipala. Anati mbaula imafunidwa mu Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha kumapiri a Ntcheu chafika pachimake, ndipo woigula ndi mayi amene wabwera kumsika ndi dengu lake, osati mlendo wa ulendo wautali. Makheni nawo anabwerera. Malo ake ndi msika wa Lizulu kapena wa Tsangano m'chilimwe, pamene alimi a m'madimba akuthirira ndiwo zamasamba. Ziwaya zimagulidwa ndi anyamata okazinga tchipisi m'mbali mwa msewu, ndipo iwowo amadziwa kale njira ya kuchipala.

Pa makoloboyi mkuluyo anakhala chete pang'ono. Kale tinyale timeneti tinkamudyetsa iye ndi banja lake, pakuti nyumba iliyonse ya kumudzi inkaunikira parafini. Masiku ano anthu ambiri anatembenukira ku matochi a mabatire ndi nyale zoyendera dzuwa, monganso ndowa zapulasitiki zinalanda malo a ndowa zambiri zamalata. Mmisiri wokakamira chinthu chifukwa choti dzanja lake linachizolowera amabwera nacho kunyumba madzulo. Mkuluyu anazindikira zimenezi, ngakhale kuti mtima unamupweteka.

Zimene zinatsala pabwalo zinali mangenjeza, zibangili ndi nthungo. Mangenjeza ndi timabelu tachitsulo timene ovina ngoma amamanga m'miyendo kuti tizilira akaponda pansi. Ndi opepuka, salira chitsulo chambiri, ndipo wovina amene ake athyoka sangadikire tsiku lina. Komabe mkuluyo sanawatenge onse. Anawagwedeza limodzi limodzi pafupi ndi khutu, ndipo lililonse losamveka bwino analiponya pambali. “Munthu akagula belu losalira, mudzi wake wonse udzamva dzina langa,” iye anatero. Pa nthungo anasankha zazifupi, zosalala bwino ndi zosanola kwambiri, pakuti n'zovinira ndi zokongoletsa m'nyumba, ndiponso wobwerera pa basi ku Blantyre angathe kuzikulunga m'nsalu.

“Nanga tambala, malume? Nayenso atsale?”

Funso limeneli linali lovuta koposa onse. Tambala uja anali wolemera ngati mbaula zitatu, ndipo mtengo woyenera milungu itatu ya thukuta ndi anthu ochepa okha amene akanaukwanitsa. Wina akhoza kunena kuti kumunyamula kunali kungolemetsa njinga. Koma mkuluyo anaganiza mwina. Pamalo pamene amalonda ali ndandanda, maso a munthu amafuna chowaimitsa. Wodzaona tambala adzafunsa mtengo, adzapukusa mutu, koma pochoka adzagula chibangili cha mwana wake.

“Mumangirire pamwamba, mutu uyang'ane kutsogolo,” anatero mkuluyo. “Ndipo wina akakatchula mtengo wa chitsulo chokha, usakavomere ine kulibe.”

Tambala woyamba atalira, awiriwo anauyamba ulendo, wina akukankha njinga, wina atagwirira katundu kumbuyo.

Mafunso

1. Kodi amisiri a masiku ano amachipeza kuti chitsulo chimene amasula?
2. N'chifukwa chiyani mmisiri uja anasiya mbaula ndi makheni?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene mkuluyo ananena kwa mphwake.
4. Mukanakhala inu, mukanamunyamula tambala wachitsulo uja? Perekani zifukwa.
5. Pitani kwa mmisiri wa m'dera lanu ndipo mufunse zimene amagulitsa kwambiri m'dzinja ndi m'chilimwe. Lembani ndime imodzi pa zimene mwamva.