SOWO YA INJINI YOTSIKA MTENGO: PHINDU KAPENA KUTAYA NDARAMA?

Nyengo ya kugulitsa zokolola ikafika, masitolo a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amadzala ndi katundu woyembekeza ndarama za alimi. Pakati pa katunduyo pali sowo ya injini, imene ambiri aichula kuti chainsaw. Kale makina otere anali a makampani ndi anthu a cuma okha. Tsopano masowo otsika mtengo, ambiri a iwo ocokera ku China, apezeka ku Kamwala mu Lusaka ndi m'matauni ang'ono omwe, kotero kuti mlimi amene wagulitsa soya kapena fodya angathe kubwerera kumudzi atasenza yace.

Koma ndarama yogulira sowo ndiyo yomweyo ya feteleza, ya mbeu ndi ya sukulu ya ana. Cifukwa cace mlimi asanalipire ayenera kudziwa ngati makinawo adzakhala zaka zambiri, kapena ngati adzagona pansi pa nkhokwe mvula isanagwe kawiri.

MAKINA ACE ALI OTANI

Sowo ya injini si cinthu catsopano. Andreas Stihl wa ku Germany anapanga yoyendera magetsi m'caka ca 1926, ndipo Emil Lerp, amene anayambitsa kampani ya Dolmar, anaturutsa yoyendera petulo mu 1927. Kampani ya Husqvarna ya ku Sweden inayamba kupanga masowo ace mu 1959. Masowo ambiri otsika mtengo ali otengera mapangidwe a makina akale a makampani ochuka.

Pa msika pali mitundu iwiri imene ioneka kawiri kawiri. Pali ang'ono, olembedwa kuti injini yace ndi ya 52 kapena 58 cc, oyenera nkhuni ndi milimo ya nyumba. Palinso akuru olemera, otengera sowo ya Stihl 070 imene injini yace ndi ya 105 cc, amene oceka matabwa awakonda. Ena agulitsidwa ndi dzina lao lao, ndipo pamenepo palibe cinyengo. Koma ena amamatidwa dzina la kampani yochuka pamene sanapangidwe ndi kampaniyo. Sowo ya dzina lalikuru imene igulitsidwa pa mtengo waung'ono kwambiri iyenera kukayikiridwa.

Injini ya sowo iribe mosungira oilo monga ya galimoto. Oilo wace amasanganizidwa ndi petulo, ndipo cimene ciiziziritsa ndi mpweya wokha. Pogwira nchito izungulira ka zikwi zambiri pa mphindi imodzi. M'makina othamanga cotere, citsulo cofooka kapena mafuta oipa sizicedwa kuonekera.

KUMENE MTENGO UNATSIKIRA

Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wa sowo yotsika mtengo uwala monga wa yokwera mtengo, koma opanga anapulumutsa ndarama pa zinthu zosaoneka. Citsulo colimba cimene amakuta naco m'kati mwa silinda nthawi zina cikhala copyapyala, ndipo cikasupuka injini itaya mphamvu. Mapaipi a petulo amauma ndi kung'aluka. Cokokera cingwe colizira injini ciri ca pulasitiki wosalimba. Unyolo umene ubwera ndi sowo ubuntha msanga ndi kutanuka. Ndiponso makinawa sayesedwa mokwanira asanacoke ku fakitale, kotero kuti masowo awiri a dzina limodzi, ogulidwa tsiku limodzi, angathe kusiyana: ina ikhala zaka, ina ifa mwezi womwewo.

Zimene ziyamba kuonongeka ndizo zazing'ono: cingwe, pulagi, mapaipi, pampu ya oilo wa unyolo, ndi mabauti amene amasuka ndi kunjenjemera kwa injini. Zimenezi sizidya ndarama zambiri ngati masipeya ali pafupi. Imfa yeniyeni ya sowo ndiyo kupsa kwa pisitoni ndi silinda, ndipo kawiri kawiri kumeneku kubwera cifukwa ca oilo wocepa, fumbi, kapena kukakamiza makina ndi unyolo wobuntha.

KUWERENGA MTENGO WENIWENI

Mtengo wa sowo si ndarama ya tsiku logula yokha. Pamwamba pace pali masipeya, malipiro a mmisiri, ulendo wa ku tauni kukafuna zosinthira, ndi masiku amene nchito iri ciimire. Zonsezi ziphatikizidwe, ndipo zigawidwe ndi zaka zimene sowoyo yagwira nchito.

Naci citsanzo cowerengera ndi matumba a cimanga. Manambala ace ali ophunzitsira cabe, ndipo mlimi aikepo mitengo ya kwao. Woceka matabwa tsiku ndi tsiku agula sowo ya matumba 10. Caka ciri conse ataya matumba 3 pa masipeya, ndipo pakutha pa zaka 2 sowo yafa. Wataya matumba 16, ndiwo matumba 8 pa caka. Mnzace agula ya matumba 40, ataya matumba 2 pa caka, ndipo sowo ikhala zaka 10. Wataya matumba 60, ndiwo matumba 6 pa caka. Pa nchito yolemera, sowo yokwera mtengo ndiyo yapulumutsa ndarama.

Koma mlimi wacitatu afuna sowo masiku owerengeka okha pa caka, kuduladula nkhuni za m'cigafa ca fodya ndi milimo ya khola. Sowo yace ya matumba 10 ikakhala zaka 5, ndi thumba limodzi la masipeya pa caka, wataya matumba 15, ndiwo matumba 3 pa caka. Kwa iye kugula ya matumba 40 kukanakhala kumangirira ndarama pa makina ogona.

Tsono sowo yotsika mtengo iri ndi malo ace. Ipindulitsa munthu wa nchito yopepuka amene adziwa kuisamala, ndipo isaukitsa munthu amene aidalira kuceka mitengo yolimba kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Amene afuna sowo tsiku limodzi kapena awiri pa caka acita bwino kulemba ganyu mwini sowo. Alimi a kalabu angathenso kusonkherana ndi kugula imodzi yolimba, koma aipereke m'manja mwa munthu mmodzi wophunzira, pakuti makina ogwidwa ndi ali yense sakhalitsa.

ASANAGULE

1. Mlimi ayambe wapita kwa mmisiri wokonza injini wa kufupi ndi kwao, amfunse mtundu wa sowo umene masipeya ace apezeka. Safunsa anadya phula. Sowo yosowa pisitoni, kabureta kapena unyolo wa msinkhu wace iri citsulo cabe.

2. Sowo iyesedwe wogulitsa akuona. Injini ikamalira yokha popanda kuikankha, unyolo uyenera kuima. Poikankha, nsonga itapenya pa pepala, payenera kuoneka timadontho ta oilo wa unyolo. Buleki ya unyolo, imene iri patsogolo pa dzanja lamanzere, iyenera kuimitsa unyolo nthawi yomweyo.

3. Injini isanalire, wogula anyamule sowo ndi cingwe colizira. Ikatsika pang'ono pang'ono, injini iri ndi mphamvu. Ikatsika msanga kufikira cingwe citatha, m'kati mwace muli cilema.

4. Ayang'ane manambala olembedwa pa baa, ndico citsulo cacitali cimene unyolo uzungulirapo, ndipo agule tupa yolingana ndi unyolowo tsiku lomwelo.

5. Alandire lisiti ndi kulisunga. Lamulo la 2010 loteteza ogula liletsa kugulitsa katundu wacilema, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limamva madandaulo otere. Popanda lisiti mlandu uvuta.

KASAMALIDWE

Mafuta ndiwo moyo wa sowo. Masowo ambiri otsika mtengo alembedwa kuti 25:1, kutanthauza oilo wa mamililita 40 pa lita imodzi ya petulo, kapena 200 pa malita 5. Makampani ochuka alamula 50:1, ndiwo mamililita 20 pa lita, pogwiritsa nchito oilo wabwino. Mwini sowo atsate cimene calembedwa m'buku la makina ace, ndipo ayeze ndi muyeso, osati ndi maso. Oilo wace ndi uja wolembedwa 2T. Oilo wa galimoto sayenera. Cigubu cikhale coyera, cikhuchumulidwe asanathire, ndipo mafuta osanganiza asasungidwe koposa mwezi umodzi. Petulo wopanda oilo angathe kupsereza pisitoni m'mphindi zowerengeka.

Unyolo uli ndi thanki yace ya oilo, imene iyenera kudzazidwa nthawi iri yonse pothira petulo. Ambiri athiramo oilo wakuda wocotsedwa m'galimoto cifukwa ali waulere. Oilo ameneyu ali ndi tizitsulo timene tidya pampu, baa ndi unyolo, ndiponso ali woipa pa khungu la munthu.

Unyolo wakuthwa uturutsa tizibenthu tatikuru ndipo ulowa mu mtengo wokha. Wobuntha uturutsa utuci wosalala monga ufa, ndipo woceka ayamba kukankha ndi mphamvu, injini nitentha. Mano anoledwe onse molingana, tupa itapendeka madigiri 30 ngati unyolo uli wodulira mopingasa, kapena madigiri 10 ngati uli wong'ambira matabwa. Unyolo wolembedwa .325 ufuna tupa ya mamilimita 4.8, ndipo wa .404 ufuna ya 5.5. Mitengo yolimba monga tsanya wa ku cigwa ca Luangwa ndi muwanga ibunthitsa mano msanga. Dothi la ciswe ndi mcenga wa pa khungwa ziposa pamenepo, cifukwa cace malo odulapo ayambe apalidwa ndi nkhwangwa, ndipo nsonga ya sowo isakhudze nthaka.

M'nyengo ya cilimwe, pamene fumbi licuruka, sefa ya mpweya itsukidwe tsiku liri lonse la nchito, ndi utuci ucotsedwe m'mipata ya silinda kuti mpweya upite. Mabauti amangidwe m'mawa muli monse, ndipo baa itembenuzidwe nthawi ndi nthawi kuti ithe molingana. Tizomangira ta pa kabureta tolembedwa H ndi L tisakhudzidwe ndi munthu wosadziwa, pakuti kucepetsa mafuta kumene kucititsa injini kulira mokoma ndiko kumene kuipsereza. Nchito ya kumunda ikayamba ndipo sowo ifuna kusungidwa, petulo akhuthulidwe, injini ilire kufikira itazima yokha, ndipo makina aikidwe pouma.

NGOZI

Sowo siisankha pakati pa mtengo ndi mwendo wa munthu, ndipo midzi yambiri iri kutali ndi cipatala. Ngozi yaikuru ibwera pamene mbali ya pamwamba ya nsonga ya baa yagunda nthambi: sowo idumpha cam'mbuyo kulunjika ku nkhope, msanga koposa kuphethira kwa diso. Buleki ya unyolo inaikidwira ngozi imeneyi, ndipo sowo imene buleki yace yafa isagwire nchito kufikira itakonzedwa.

Woceka agwire ndi manja awiri, asadule pamwamba pa phewa lace, ndipo asakwere nayo mu mtengo. Abvale jombo, magalasi ochinjiriza maso ndi zotseka m'makutu, pakuti phokoso la sowo liposa madesibelo 100 ndipo ligonthetsa pang'ono pang'ono. Pogwetsa mtengo, anthu ndi ziweto atalikire mtunda woposa utali wa mtengowo kawiri. Ana asaloledwe kuigwira, ndipo munthu amene wamwa mowa aisiye.

LAMULO NDI NKHALANGO

Kukhala ndi sowo si cilolezo codulira mitengo. Lamulo la nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula mitengo ya m'thengo kuti agulitse, kapena wonyamula matabwa ndi makala, akhale ndi cilolezo cocokera ku Dipatimenti ya Nkhalango. Wogwidwa alibe cilolezo angathe kulandidwa matabwa pamodzi ndi zida zace, ndipo ndarama ya zokolola yapita tsiku limodzi. Mtengo wa mukula unadulidwa kwambiri kotero kuti mu 2019 unaikidwa pa ndandanda ya pangano la maiko la CITES, limene liyang'anira malonda a zacilengedwe zimene ziri pangozi. Mu 2022 mlombwa ndi mbawa zinaonjezedwa pa ndandanda yomweyo.

Mlombwa umene sowo igwetsa m'mphindi zocepa unatenga zaka makumi ambiri kuti ukule. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi ya pa mapiri ikatha, madzi a mvula akokolola nthaka ndipo zitsime ziphwa msanga. Lamulo lomwelo la 2015 lilola anthu a m'midzi, mogwirizana ndi mafumu ao, kupanga magulu osamala nkhalango zao ndi kupindula nazo. Mlimi amene ali ndi munda wace wa bulugamu ali ndi nchito ya sowo yace caka ndi caka, pakuti bulugamu akadulidwa aphukanso pa citsa.

Cotero mlimi amene aganiza zogula sowo caka cino ayambe wawerenga masiku amene adzaigwiritsa nchito, afunse mmisiri za masipeya, ndipo akaonane ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa nkhalango wa m'dera lace. Akaona kuti nchito yace iri yopepuka ndi masipeya ali pafupi, sowo yotsika mtengo idzamthandiza. Akaona kuti nchito iri yolemera, asunge ndarama zace kufikira zitakwanira makina olimba.