Kuwerenga Mapu a Gombe la Chisumbu Chopanda Anthu

Mapu osonyeza mapiri ndi zigwa amawerengedwa mofanana ku Ulongwe wa ku Mozambique ndi ku Nyanja ya Malawi. Wodziwa kupeza phiri la Dómue la m'dera la Ulongwe papepala sangavutike ndi Domwe kapena Mumbo, zisumbu zopanda midzi za kufupi ndi Chembe, m'dera la Lake Malawi National Park lomwe linakhazikitsidwa mu 1980. Kungoti kumtunda wosokera amafunsa njira, pomwe pachisumbu palibe womufunsa.

Choyamba ndi kupeza mapu a sikelo ya 1:50,000, pomwe masentimita 2 amaimira kilomita imodzi. Ku Malawi amachokera ku Department of Surveys, ku Mozambique ku CENACARTA. Pa mapu a 1:250,000 chisumbu chaching'ono chimangooneka ngati kadontho.

Kenako awerengedwe mawu a m'mphepete mwa pepala: chaka chomwe mapuwo anajambulidwa, ndiponso ngati kutalika kwa malo kwalembedwa m'mamita kapena m'mafiti, popeza mapu ena akale ali m'mafiti.

Ntchito yaikulu ili pa mizere yofiirira ya kontuwa. Mzere uliwonse umalumikiza malo otalika mofanana. Manambala ake amawerengedwa kuchokera pa nyanja yamchere, choncho gombe la Nyanja ya Malawi limayambira pa mamita pafupifupi 474. Pomwe mizere yathithikana mpaka kukhudza madzi pali phompho kapena matanthwe, ndipo bwato lisayandikire. Pomwe yatalikirana, makamaka pamene gombe lapindikira mkati, ndi pomwe pangapezeke dooko. Malo otere alembedwe ndi pensulo, awiri kapena atatu, mbali zosiyana za chisumbu.

Madooko amenewa ayerekezedwe ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndiye dooko labwino ndi la mbali ya kumpoto chakumadzulo, kuseri kwa phiri. Mpoto ukayamba, mbali yabata imasinthanso.

Mzere wa gombe suyenera kukhulupiriridwa kwambiri. Umasonyeza pomwe madzi ankalekezera nthawi yojambula mapuwo, koma nyanja imadzaza ndi kuphwa chaka ndi chaka, ndipo mu 2024 inamiza magombe ambiri. Mapuwa sasonyezanso kuya kwa madzi ngakhale miyala yobisika pansi pake. Zimenezo amazidziwa ndi asodzi a ku Chembe, ndipo madooko olembedwa aja aonetsedwe kwa iwo ulendo usanayambe. Chilolezo cholowera m'paki chitengedwe kwa akuluakulu ake, mapu asungidwe m'pulasitiki pamodzi ndi kampasi.