Nkhono Yosaka Nsomba

Anzanga, tikamva za nkhono timaganiza za ija imakwawa m'dimba nthawi ya mvula n'kumadya masamba. Koma kodi mukudziwa kuti kuli nkhono ina imene ndiwo yake ndi nsomba?

Dzina lake ndi Conus geographus, ndipo analipereka ndi Carl Linnaeus mu 1758. Imakhala m'nyanja zamchere za Indian ndi Pacific, m'malo ofunda a miyala ya korali. Ngakhale kugombe la Mozambique ndi Tanzania iliko. Chigoba chake chimatha kutalika masentimita 15, ndipo chili ndi mawanga ofiirira ndi oyera ooneka ngati mapu.

Nanga nkhono, mmene imayendera pang'onopang'ono muja, ingagwire bwanji nsomba? Imasaka usiku. Ikayandikira tinsomba, imatulutsa m'madzi mankhwala otchedwa insulini, aja amabayitsa odwala shuga. Shuga wa m'magazi a nsomba amatsika, nsomba ija n'kufooka. Asayansi a ku University of Utah ku America ndiwo analengeza zimenezi mu 2015. Kenako nkhonoyo imatambasula kamwa lake ngati ukonde n'kukuta nsombayo. Ikatero imaibaya ndi dzino lamphako looneka ngati kamkondo, lodzadza ndi ululu. Dzinolo limagwira ntchito kamodzi kokha, lina limakhala likudikira kale.

Ululuwu umatseka mauthenga ochoka m'mitsempha kupita ku minofu. Ndiye chifukwa chake wobayidwa amafa ziwalo mpaka kulephera kupuma. Anthu ena anafapo atatola nkhonoyi poona kukongola kwake, ndipo mankhwala othetsa ululuwo kulibe. Wobayidwa amafunika kuthamangira naye kuchipatala kuti akamuthandize kupuma. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu ululu womwewu uli ndi phindu. Kuchokera ku m'bale wake, Conus magus, asayansi anapanga mankhwala oletsa ululu waukulu otchedwa ziconotide, amene anavomerezedwa ku America mu 2004.

Kuno kwathu nkhonoyi kulibe, poti nyanja yathu si yamchere. Koma tisapusitsike. Tinkhono tina ta m'madamu, m'mitsinje ndi m'nyanja ya Malawi timasunga tizilombo ta likodzo. Tonse tikudziwa anzathu amene anajombapo kusukulu chifukwa chokodza magazi. Choncho tisamakodze kapena kusamba m'madzi odekha, ndipo mankhwala a likodzo akabwera pasukulu pano, osathawa ayi!

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2